Chigoba cha Udzudzu ku Dzoole

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Inu ana anga, Tamandani ndi Mphatso, mwakhala mukundifunsa chimene chinatisamutsa ku Dzoole kupita kumapiri a Ntchisi pakati pa chaka, sukulu ili m'kati, ndipo ine ndinkangoti ndi mmene ntchito imakhalira. Limenelo linali yankho la ana. Tsopano mwakula, ine ndapuma, palibenso wondiopseza ndi transifa, ndiye khalani pansi mumve.

Ntchito ndinayambira kumidzi ya kuseri kwa Madisi, ndili mtsikana wosadziwa ngakhale kupalasa njinga. Pa pepala tinali alangizi a zaumoyo, koma kumudzi tinali "a sikelo", chifukwa chimene anthu ankationa nacho ndi sikelo yopimira ana, yomangirira pa nthambi ya mango. Kabudula wa sikeloyo, uja timakhazikamo mwana, atang'ambika, ndinapempha wina ku ofesi mpaka kukhosi kuuma. Mapeto ake ndinasoka wanga ndi thumba la feteleza, ndipo ana ambiri a kumeneko anapimidwa atakhala m'thumba limenelo. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti kupanga zinthu ndi manja sitinkachitira kukonda ayi, tinkasowa. Mankhwala othira m'zitsime ankabwera mwezi uno, kenako zii. Koma akuluakulu ofuna malipoti okha, eee, amenewo sankasowa mafuta a galimoto.

Chaka chimene Mphatso anayamba kuyenda

Atandisamutsira ku kachipatala kena kakumidzi kufupi ndi Dzoole, ndinapeza malungo akutha ana. Maneti tinagawa ndithu, koma ukayenda m'midzi unkawapeza atatchingira nazale ya fodya, ena atakuta khola la anapiye. Ukaima pansi pa mtengo kuti uphunzitse, amayi ankangoti, "Eee, tamva," mitima ili kudimba. Tsiku lina ndinalankhula mpaka mayi wina kuyamba mkonono, mwana ali kubere. Zinandikwana. Ndinati kulalikira ndasiya, anthu awa ndiwabweretsera udzudzu waukulu ngati munthu, tione ngati agonenso.

Ndinapinda waya wa mpanda, n'kumatapo makatoni a sopo ndi mapepala a simenti ndi phala la ufa wa chinangwa. Mlomo unali wa bango, mapiko a neti yakutha. Maso ndinadula kunsi kwa mabotolo awiri a pulasitiki, aakulu, otuzuka. Chigobacho chitauma chinali choopsa ndithu, mpaka iwe Mphatso unakana kulowa m'nyumba. Vuto linali wovala. Amuna onse a pachipatala anangoseka, wina ati ndine mkulu wa mpingo, wina ati msana. Onse atabalalika, anabwera a Binwelo, bambo wamkulu kuposa ine, amene ankatchetcha udzu ndi kukumba maenje a zinyalala pachipatalapo. Anali mkamwini m'mudzi woyandikana nafe, munthu wosalankhulalankhula.

"Mayi a sikelo," anatero, "chinthucho ndingavale ine. Koma pali mawu awiri. Ndizivalira kobisika, ndizivuliranso kobisika. Ndipo ndikakhala m'katimo, dzina langa musalitchule."

Ndinaseka. "A Binwelo, imeneyi ndi katoni. Katoni ya sopo!"

"Ndaiona," anayankha, "koma ikafika kumaso si katoninso."

Ine ndinakulira pa mishoni. Za kudambwe, za gule wamkulu, sindizidziwa, ndipo si zanga kuti ndizilembe. Koma chimodzi ndinachiphunzira kumidzi imeneyo: wovala chigoba satchulidwa dzina, sagwidwa, ndipo nkhope yake sionekera pamaso pa amayi ndi ana. A Binwelo anakulira m'mwambo umenewo, ndipo kwa iwo zinalibe kanthu kuti chigobacho chapangidwa ndi mayi wa kwaya. Ndinawalonjeza kuti mawu awo awiriwo ndidzawasunga.

Tsiku loyeserera tinadzitsekera m'chipinda chosungira njinga. Anavala bwinobwino, anazungulira kamodzi, kachiwiri, kenako khwaa, anakalowa m'ndowa. Mawu anatuluka m'katoni muja ofooka: "Mayi, muno mwagwa nkhungu." Mpweya wawo ndi thukuta zinali zitaphimba maso a botolo aja mbuu. Munthu wina akanangotukula chigoba n'kupukuta ndi malaya, nkhani n'kutha. Koma pabwalo a Binwelo sakanatukula, ngakhale kumwamba kukanagwa. Ndiye nkhungu imeneyo inasanduka ntchito yanga.

Ndinayesa malovu, anagwira kanthawi kochepa. Ndinayesa mafuta odzola, ha, zinachita kunyanya. Phulusa linakanda pulasitiki, tinataya maso awiri abwinobwino. Chinandithandiza ndi matola. Tsiku lina kukugwa mvula ndinakhala kutsogolo kwa lole, ndipo ndinaona dalaivala akutikita sopo wochapira pagalasi m'kati, n'kupukuta ndi chipewa chake, galasi n'kukhala mbee ulendo wonse. Nditafika kunyumba sindinavule ndi nsapato zomwe. Sopo wouma ndinapaka pang'ono chabe m'kati mwa maso aja, ndinadikira, n'kupukuta ndi nsalu youma mpaka kuwala. Kenako ndinaboola tizibowo kunsi kwa mlomo ndi m'mbali cha kumakutu kuti mpweya uzituluka, ndipo ndinasokera kachidutswa ka patapata pamwamba pa mphuno kuti munthu akapuma mpweya uzitsika, usamakwere kumaso. A Binwelo anavala, anadumpha, anathamanga mpaka thukuta kamukamu, kenako anati, "Tsopano ndikukuonani, mayi. Duku lanu lapendekeka."

Sewero lake linali lachidule. Ine ndinali mayi wogoneka mwana popanda neti, mwanayo ali chidole cha nsanza. Ng'oma zikayamba, udzudzu unkatulukira kuseri kwa nyumba, kuzungulira, kunyang'ama, kuluma mwana. Ine ndinkalimbana nawo ndi chitenje, iwo n'kundikankha, mpaka nditamanga neti, udzudzu n'kufooka ndi njala, kukwawa kubwerera kumene unachokera. Koma abale, munthu uja ankauvina udzudzu! Ana ankathawira m'zitenje za amayi awo, agogo ankagwira nthiti. Maneti anayamba kuchoka ku makola a anapiye. Aliyense ankadziwa amene ali m'katimo, koma palibe ankanena. Akazi awo enieniwo, a Nabanda, ankandipeza pamjigo n'kunena ndi nkhope yowongoka, "Udzudzu wa dzulo uja unatha, mayi. Kaya umachokera kuti." Ndipo a Binwelo, amene m'mudzimo ankangotengedwa ngati mkamwini wotumidwa, anayamba kupatsidwa mpando pa milandu.

Chaka chimene Tamandani anali Sitandade 5

Amene ankatiyang'anira nthawi imeneyo dzina lawo sindilemba, ana awo alipo. Ife tinkawatcha a Lipoti. Munthu wosafunsa kuti ana angati achira, wongofuna chithunzi chabwino. Sewero lathu analimvera kwa anthu, ndipo pa msonkhano wina ndinadabwa kumva akunena kuti "nzeru imene ndinayambitsa ku Dzoole". 

Mwezi wa Juni, mphepo ya mwera ikuluma makutu, anatiuza kuti kukubwera alendo ochokera kunja, othandiza pa ntchito za umoyo, ndipo mwambo ukachitikira m'mudzi momwe a Binwelo anakwatira. Analamula kuti anthu akumbe dzenje la chimbudzi chachitsanzo m'mphepete mwa bwalo, ndipo lisatsekedwe kuti alendo aone kuya kwake. Linali lakuya zedi, pansi pake miyala yokhayokha, chifukwa dothi la kumeneko mukulidziwa. Kenako anati chigoba chathu ndi chonyansa, chipite kuboma chikakongoletsedwe.

"Bwana," ndinatero, "apake utoto kunja kokha. M'kati asakhudze, tizibowoto asatseke."

"Mayi, inu zanu ndi sikelo. Zokongoletsa tisiyireni."

Chinabwera m'mawa wa tsiku lomwelo, m'galimoto lotsogolera alendo. Ndinachitengera kuseri kwa kalasi ya sukulu kumene a Binwelo ankadikira, ndipo nditachivundukula ndinangoti kukamwa yasa. Chinali chonyezimira ngati njinga yatsopano, fungo la penti lolasa m'mutu. Tizibowo tonse anatimata ndi selotepu n'kupakapo penti. Kapatapata kanga anakazula, kaya ankati ndi chinyalala. Maso anga a botolo anawachotsa, n'kumatapo pulasitiki yofiira yowala, iwiri kuphatikiza, moti sopo ukanapaka pati? Ndinathamanga kukawapeza a Lipoti akukonza taye.

"Bwana, munthu saona m'menemuja. Kuzizira kumeneku nkhungu igwa asanafike pabwalo. Ndipatseni kanthawi ndibwezeretse maso akale."

"Alendo akhala kale pansi. Mukufuna kundichititsa manyazi?"

"Nanga dzenje lija? Tsekani ndi matabwa."

"Dzenje ndi limene abwerera kudzaona. Sewero la kanthawi kochepa, munthu wamkulu angafe nalo? Yambani!"

Ndinabwerera kuseri kuja mtima ukuwira. Ndinabaya tizibowo tiwiri ndi cholembera, koma penti inali yokhuthala, cholembera chinathyoka. Ndinati, "A Binwelo, musavale. Ndikanena kuti udzudzu wadwala." Anamwetulira. "Ng'oma zayamba, mayi, ndipo kuno ndi kwathu. Apongozi anga akhala kutsogolo. Bwalo ili ndimalidziwa, ndizungulira kawiri basi."

Kuzungulira koyamba kunayenda bwino. Kwachiwiri ndinaona kuti zinthu zalakwika. Udzudzu unadutsa chidole osachiluma, unakaluma mwendo wa benchi. Anthu anafa nacho chiseko, ankati ndi nthabwala yatsopano. Unatembenuka, manja patsogolo, miyendo ikugwedera chifukwa cha penti ndi kusowa mpweya, n'kuyamba kulowera cham'mbali, kumene kunali dzenje. Amuna amene anali pafupi anangofutukira m'mbuyo monga mwa mwambo, palibe anatambasula dzanja. Amayi ankaimba, ng'oma zili pakati. Ndinakuwa, "Udzudzu, imani! Kuli dzenje!" Ndani akanamva? Dzina lawo linafika pakamwa panga, ndinalimeza, chifukwa ndinalonjeza. Ndinathamanga n'kuwagwira mkono. Iwo anaganiza kuti tafika paja timalimbana, anandikankha monga mwa masiku onse, munthu wa zikwanje uja, ine n'kukhala pansi. Nditadzuka, chidendene chawo chinali chikugumula dothi la m'mphepete mwa dzenje.

Ana anga, pamenepo ndinadziwa chimene ndikuchita. Sinali ngozi. Ndinadziwa kuti mphamvu zowakoka ndilibe, kuti chowaimitsa ndi kuona basi. Ndinagwira mlomo wa bango uja ndi manja awiri n'kukokera m'mwamba, chigoba chonse zuu.

Anaima. Anayang'ana pansi, anaona dzenje, kenako anadzutsa maso n'kuona anthu. Ng'oma zinaleka zokha. Nkhope yawo inali thukuta lokhalokha, penti yofiira itawadetsa pamphumi, akupuma ngati ng'ombe yochoka pa ngolo. Amayi anatembenukira kumbali, ena anafunda zitenje kumutu. Apongozi awo anadzuka pang'onopang'ono n'kuchoka. Kamtsikana kena kanafuula, "Ndi a Binwelo!" mayi wake n'kukatseka pakamwa. Ndipo m'kati mwa bata limenelo, alendo anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja, akujambula, akusangalala. Ankayesa kuti sewero limatha choncho.

 A Binwelo anavula mapiko, anawaika pansi bwinobwino, n'kulowera m'munda wa chimanga chouma.

Alendo akudya, a Lipoti anandiitanira pambali, nkhope ikuwala. "Mwaona? Amenewa ndiye mathero! Mlangizi wagonjetsa udzudzu pamaso pa anthu. Alendo akondwa kwambiri, sabata yamawa atumiza ojambula kanema. Kuyambira lero sewero lizitha choncho m'mudzi uliwonse."

Ndinawayang'ana, ndinayesa ndamva molakwa. "Bwana, munthu uja mwamuona nkhope?"

"Nkhope yake yatani? Ndi wotchetcha udzu, si nduna. Mukamuuze kuti Lachinayi avale."

"Munatsala pang'ono kumupha, inu. Ndiye mukufuna ndizimuvula mudzi ndi mudzi kuti inu muzijambulidwa?"

"Samalani pakamwa, mayi. Malo a ntchito alipo ambiri, ena galimoto safikako."

Ndinaganiza za inu, sindinama. Ndinaganiza za sukulu yanu, za bambo anu amene ankaphunzitsa pafupi pomwepo, za dimba langa la kabichi. Kungoti "chabwino bwana" sikukanandithyola khosi. Koma mkwiyo unali utafika pamphuno. Ndinatola chigoba chonyezimira chija, ndinayenda nacho iwo akuona, n'kuchiponya m'dzenje lawo lachitsanzo. Ndinamva chikuphwanyika pamiyala. Ndinati, "Mukachifuna, tsikani mukachitenge, muvale nokha." Mwezi usanathe, transifa inafika.

Zaka za kumapiri

Kumene ananditaya mukukukumbukira. Nthawi ya dzinja galimoto sinkakwera, katemera tinkakamutenga wapansi ku Ntchisi Boma, bokosi lili pamutu, matope m'mawondo. Iwe Tamandani unabwereza kalasi, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Bambo anu anatsala okha ku Dzoole mpaka chaka kutha, akudziphikira nyemba zosapsa. Sindinapangenso chigoba china, ngakhale aphunzitsi a kumeneko anandipempha. Ndinabwerera ku sikelo ndi kulalikira pansi pa mitengo.

Za a Binwelo ndinkamvera kwa bambo anu. Akuluakulu a m'mudzi anawaitana, zimene anakambirana sindikuzidziwa. Mpando uja pa milandu unatha. Akamadutsa, ana ankalira ngati udzudzu kumbuyo kwawo, ndipo pamjigo dzina lawo linasanduka a Udzudzu. Kusanathe kukolola anasiya ntchito pachipatala n'kupita ku maesiteti a fodya ku Kasungu. A Nabanda sanawatsatire. Koma a Lipoti anakwezedwa. Chithunzi changa nditanyamula chigoba m'mwamba, a Binwelo ali pambali maso ali pansi, chinapachikidwa mu ofesi yawo zaka zambiri. Anzanga ankandiuza ngati chinthu choti ndinyadire. Tsiku limene a Lipoti anapuma ntchito anawaphera mbuzi ndi kuwaimbira nyimbo, ine ndinati mutu ukundipweteka.

Chaka chatha, ku Madisi

Ndinapita kumsika kukagula tomato. Pakhonde la sitolo ina panakhala bambo wokalamba, ndodo ili pakati pa miyendo, akudikira kabaza. Ndinawadziwira mapewa. Ndinagwada pambali pawo.

"A Binwelo, muli bwanji?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi a sikelo. Mwakalamba."

"Inu ndiye mwatsala mnyamata?"

Anaseka pang'ono. Tinafunsana za matenda, za mvula, za ana. Anati anabwerera kwawo kwenikweni, amakhala ndi mlongo wawo, abwera kudzatenga mankhwala a chifuwa. Ndinati ndisachoke osanena, mwina sitidzaonananso.

"Tsiku lija, a Binwelo, dzenje lija linali ndi miyala pansi. Ndinalibe njira ina."

"Ndikudziwa, mayi. Ndinaliona." Anagwedeza ndodo yawo pa simenti. "Ndinamvanso zimene munachita nacho chinthu chija, ndi kumene anakutumizani. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kuti ndikadzakuonani ndidzati zikomo. Lero ndakuonani, koma pakamwa pakukana."



"Ndikanagwa," anapitiriza, "amayi akanawathamangitsa, anzanga akananditulutsa kobisika. Mwendo ukanapola. Ndikanakhala wotsimphina, koma m'mudzi mwanga, ndi akazi anga."

"Nanga likanakhala khosi?"

"Akananditaya bwino, ng'oma zikulira."

Kabaza anafika. Ndinawathandiza kukwera, ndinawapatsira ndodo, iwo anaika dzanja pachifuwa monga mwa ulemu wawo wakale, n'kumapita. Ndinaima pakhonde paja nditakwiya zedi. Sindinakwiyire iwo, ndipo sindinadzikwiyire ndekha, chifukwa atandibwezera pabwalo lija lero ndingakokenso bango lija. Ndinakwiyira munthu amene anamata selotepu pa tizibowo ta mpweya wa mnzake kuti chithunzi chikongole, amene tsopano amakhala kutsogolo m'tchalitchi ndipo dzina loti Binwelo sangalikumbuke n'komwe. Ndinalira pamsika, mayi wamkulu ine, anthu akundiyang'ana. Ndinafika kunyumba wopanda tomato.